Mvula ya mabingu m'chigwa cha Shire: zochita mphepo isanafike, mphenzi zikayamba ndi khwawa likadzaza

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mvula ndi yochepa. Madera ambiri a m'chigwa amalandira mamilimita apakati pa 600 ndi 800 pa chaka, pamene ku mapiri a Mulanje kumagwa yowirikiza kawiri kapena kuposa. Koma yochepayo sibwera mwaulemu. Dzuwa limatha kuphika nthaka masabata angapo, kutentha nkudutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kenako masana amodzi kumwamba nkukhuthula madzi amene akanagwa mwezi wathunthu. Malo ouma amatero kulikonse, ngakhale m'zipululu zenizeni: anthu amamira m'makwawa amene miyezi yambiri amakhala mchenga wokhawokha.

Zoopsa za mvulayi zimabwera motsatizana. Imayamba ndi mphepo, kenako mphenzi, kenako madzi ogwa pamutu panu, ndipo pomaliza, nthawi zina usiku kumwamba kutayera kale, amafika madzi amene anagwa kwina. Omalizawa ndiwo amapha anthu ambiri kuno, chifukwa amapeza munthu ataganiza kuti zatha.

Kuwerenga kumwamba

Nthaka ikatentha m'mawa, mpweya wachinyezi umakwera, ndipo dzuwa likamapendeka mumaona mitambo yoyera ikutukumuka ngati milu ya thonje pamsika. Mtambo woti muuope ndi uja wakwera kwambiri, pamwamba pake paphwathalala, kunsi kwake kuli bii. Mukamva kamphepo kozizira kakubwera mwadzidzidzi, fumbi ndi masamba nkuyamba kuuluka, dziwani kuti mpweya wozizira wa mumtambomo wafika kale pansi. Kwatsala mphindi zochepa. Imeneyo si nthawi yokwera padenga kapena yothamangira kukatenga mbuzi kudambo.

Mtunda wa mphenzi mutha kuuyeza nokha. Kukang'anima, werengani masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30, ndiye kuti mphenzi ili mkati mwa makilomita 10, ndipo pamtunda umenewo itha kukupezani ngakhale dontho lisanagwe. Mukalowa m'nyumba, dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatuluke. Anthu ambiri amawombedwa poyambirira ndi pothera, nthawi imene akuona ngati mvula ili kutali kapena yadutsa.

Musamangoyang'ana kumwamba kwa mudzi wanu. Madzulo aliwonse a dzinja ponyani maso kumapiri: a ku East Bank ayang'ane ku Thyolo, a kumadzulo kwa Shire ayang'ane zitunda za ku Mwanza ndi za kumalire a Mozambique. Kukamang'anima kumeneko usiku wonse, madzi ake ali m'njira. Uthenga wa nthambi yoona zanyengo pa wailesi nawonso muziumvera ndi khutu limenelo. Akanena za mvula yamphamvu ku Mulanje, Thyolo, Blantyre kapena Mwanza, akunena za inu.

Denga ndi maziko

Mphepo sikankha denga, imalinyamula. Ikamadutsa pamwamba pa malata imawakokera kumwamba, ndipo ikalowa m'nyumba kudzera pakhomo kapena pazenera losatseka imawakankhanso kuchokera mkati. Nchifukwa chake denga limachoka lonse ndi mitengo yake yomwe, makoma nkutsala ali yasa. Ntchito yolimbitsa denga ichitike mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo iyambire pomwe denga lagwirana ndi khoma.

Thabwa kapena mtengo wogona pamwamba pa khoma umangidwe ndi waya wochindikala, wopinda pawiri, wolowa m'khoma mizere 5 kapena 6 ya njerwa kutsika pansi. Waya wongokoleka pa mzere woyamba amanyamuka ndi njerwa zake. Ngati nyumba inamangidwa kale popanda wayayu, boolani khoma pansi pa mizere imeneyo, lowetsani waya, muzungulitse pamwamba pa mtengo ndi kupotokola mpaka athine. Chitani zimenezi pa phaso lililonse, makamaka m'makona. Mitanda imene malata amakhomeredwapo isadalire msomali umodzi wokha pomwe yakumana ndi phaso, muimangenso ndi waya. Gwirani mtengo uliwonse ndi kuubaya ndi mpeni. Chiswe chimadya mkati nkusiya khungu, ndipo msomali wa mumtengo wotere umazuka ndi dzanja.

Pokhoma malata gwiritsani ntchito misomali yachipewa, pamsana pa lata osati m'ngalande yake. Pakati pa denga mutha kudumpha misana ina, koma m'mphepete monse, kumsonga ndi m'makona khomani msana uliwonse, chifukwa mphepo imayambira pamenepo kusenda. Lata limodzi likangotukuka, ena amatsatira. Miyala, njerwa ndi matayala amene anthu amasanjika padenga sizithandiza kwenikweni. Mphepo yamphamvu imanyamula zonse, ndipo mwalawo umatsikira pamutu pa munthu.

Amene mukumanga kumene, denga lotsetserekera mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo denga logona kwambiri limasasuka msanga kuposa lotsetsereka pafupifupi madigiri 30. Denga la khonde likhale lapalokha, losalumikizana ndi la nyumba, kuti likanyamuka lipite lokha.

Pansi ndiye pamagwetsa nyumba zambiri. Khoma la zidina silisungunuka kuchokera pamwamba, limafewa kutsinde pomwe madzi aima kapena pomwe madontho a padenga akuthovukira, kenako limakhala pansi lonse nthawi imodzi, kawirikawiri usiku anthu ali mtulo. Taganizani kuchuluka kwa madzi: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la mamita 8 mulitali ndi 5 mulifupi, pa mvula ya mamilimita 50, limatsitsa malita 2,000, omwe ndi migolo 10 ya malita 200, yonse ikugwera m'mphepete mwa khoma m'kanthawi kosakwana ola. Ndiye kwezani khonde ndi dothi losinja bwino, lotsetserekera kunja. Kumbani ngalande kuzungulira nyumba, motalikira mita imodzi kapena awiri kuchokera kukhoma, yakuya ndi yotambalala pafupifupi masentimita 30, ndipo ikhale ndi kotulukira. Ngalande yopanda kotulukira imangosungira madzi pafupi ndi maziko. Gwirizanani ndi oyandikana nawo za komwe madziwo alowere, chifukwa milandu yambiri ya dzinja kwa amfumu imayambira pa ngalande yolozetsedwa kukhoma la mnzako.

Pomanga nyumba yatsopano, maziko ndi mizere yoyambirira ikhale ya njerwa zowotcha kapena mabuloko, yomangira simenti, ndipo pansi pa nyumba pakwere masentimita 45 mpaka 60 kuchokera pabwalo, kapena kupitirira pomwe madzi anafikapo kale ngati malowo amasefukira. Yalani pepala lakuda lapulasitiki pamwamba pa maziko musanapitirize khoma kuti chinyezi chisakwere. Matumba a mchenga otchingira pakhomo musawadzaze. Thirani theka kapena kupitirira pang'ono, pindirani kukamwa kwake pansi, sanjani mopingasa monga amasanjira njerwa, ndi kupondaponda mzere uliwonse. Thumba lodzaza thothotho limakhala lobulungira ndipo limasiya mipata.

Mphenzi

Kuno mthunzi ndi chuma, ndipo nchifukwa chake mphenzi imapeza anthu pansi pa mitengo. Nimu wa pabwalo, mlambe wa pamphambano, mgwalangwa woima wokha kumunda, yonseyi ndi malo oyenera kuthawapo bingu likangomveka. Mphenzi ikamenya mtengo, moto wake umadumphira kwa munthu amene wayandikira, ndipo wina umayenda m'nthaka mamita angapo mbali zonse. Moto woyenda pansiwu ndiwo umapha ng'ombe zambiri nthawi imodzi: miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, choncho magetsi amalowera mwendo wina nkutulukira wina, kudutsa pamtima. Abusa a ku Ngabu ndi kwina konse auzidwe momveka kuti akaona mtambo wakuda abweze ng'ombe msanga, ndipo zikakanika azisiye, iwo athawire m'nyumba. Mwana asaope kukalipiridwa chifukwa chosiya ng'ombe pa mvula ya mabingu. Khola lisakhale pansi pa mtengo wautali, ndipo ziweto zisatsamire mpanda wa waya.

Malo abwino ndi nyumba yaikulu yomangidwa bwino, kapena galimoto yadenga lachitsulo mazenera atatsekedwa. Ngolo, njinga yakabaza, njinga yamoto ndi bwato siziteteza. Chisakasa cha kudimba, shedi ya pamsika ndi khonde ndi zongobisalira madzi basi. Asodzi a mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh akocheze akangomva bingu loyamba, chifukwa pamadzi munthu wa m'bwato ndiye chinthu chachitali kuposa zonse. Mpira uimitsidwe. Khasu litulidwe paphewa.

M'nyumba zathu zambiri mulibe waya wotsitsira mphenzi pansi, choncho ngakhale mkati muli malamulo ake. Khalani chapakati, kutali ndi makoma, zitseko ndi mazenera. Khalani pampando kapena pabedi lathabwa m'malo mogona pamphasa. Zulani mawaya a mlongoti wa wailesi kapena wa TV ndi zonse zolumikizidwa kumagetsi mvula isanafike, osati ili mkati. Foni yam'manja payokha siitana mphenzi, choopsa ndi kuigwira ili pa chaja. Za malaya ofiira ndi kuphimba galasi musatayirepo nthawi.

Mukapezeka pamtetete popanda kothawira, tsikani pachulu kapena pachitunda, mwazikanani motalikirana ngati muli gulu, ndipo pitirizani kuyenda kulowera komwe kuli nyumba. Musagone pansi. Komanso musathawire mphenzi m'khwawa.

Munthu wowombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mgwireni msanga. Chimene chimapha ndi kuima kwa mtima ndi kupuma. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma, mgonekeni chagada pamalo olimba, ikani zikhatho zanu chosanjikiza pakati pa chifuwa, dinikizani mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo ngati munaphunzitsidwa muuzireni mpweya kawiri pakatha kudinikiza ka 30. Ngati awombedwa angapo, yambani ndi amene ali zii, chifukwa amene akubuula akupuma. Ngakhale amene wadzuka nkumayenda apite kuchipatala. Nkhani yoti mphenziyo yatumizidwa ndi ndani ili ndi nthawi yake, koma mphindi zoyambazo ndi za chifuwa cha wovulalayo.

Madzi ochokera kumtunda

Chigwa cha Shire ndiye kunsi kwa dziko lino. Malo otsikitsitsa m'Malawi, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ali ku Nsanje. Madzi a ku Mulanje amatsika ndi Ruo nkukumana ndi Shire pa Chiromo. Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi nkubwerera m'mbuyo kudzaza Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Mu Januwale 2015 Ruo anaphwanya gombe nkutsegula njira ina, anthu a ku Makhanga nkutsala pachilumba. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la pa Kapichira ndi kudula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Amenewo ndi madzi aakulu, ndipo kawirikawiri chenjezo lake limamveka pa wailesi kusanachitike.

Amene sachenjeza ndi a mitsinje ing'onoing'ono: Mwanza, Nkombedzi wa Fodya, Lalanje, Thangadzi, Livunzu ndi makwawa osawerengeka otsika m'mapiri. Mitsinjeyi ndi yotsetsereka kumtunda, ndipo mapiri ake ambiri anametedwa ndi nkhwangwa, choncho madzi safatsa. Ikafika m'chigwa imataya liwiro nkutula mchenga. Chaka ndi chaka mchengawo umakwera mpaka mtsinje kukhala wosaya, milatho ndi makalavati nkutsekeka, ndipo madzi akabwera amangodumpha gombe kutsata njira imene anadutsamo kale. Madzi saiwala khwawa. Funsani akuluakulu a m'mudzi kumene mtsinje unkadutsa iwo ali ana, ndipo pamenepo musamangepo, ngakhale patakhala pouma bwanji lero.

Zizindikiro za madzi amene akubwera ndi izi: mkokomo wochokera kumtunda, kamadzi kamatope koyamba kuyenderera pamchenga pomwe panali pouma, thovu, zinyalala, mapesi ndi nthambi zoyandama. Mukaona chimodzi mwa izi muli m'khwawa, kwerani gombe lomwe muli nalo pafupi, osati lomwe mumapitako. Siyani ndowa, siyani njinga. Otapa mchenga, ochapa, okumba zitsime mumchenga ndi ana osewera ndiwo amakokoloka, dzuwa likuwala.

Pa nkhani yowoloka, anthu amanyengedwa ndi kuya. Amati madzi a m'mawondo okha. Koma madzi othamanga akuya masentimita 15, ongopitirira kakolo, atha kugwetsa munthu wamkulu. A masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola galimoto zambiri, ndi zazikulu zomwe. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani imodzi, ndipo mulu umenewo ukukumenyani m'miyendo uku mchenga ukukumbika pansi pa mapazi. Njinga yokankha kapena katundu wa pamutu zimangoonjezera pogwira madzi. Pamsewu, madzi amatope amabisa pomwe tala wadyeka kunsi kapena kalavati yachoka. Usiku simungaone chilichonse mwa izi.

Chabwino chake nchoti madzi a makwawa sachedwa kuphwa. Amene anadzaza masana nthawi zambiri amakhala atatsika pakatha maola angapo. Zikani kamtengo m'mphepete mwa madzi, mudikire, muone ngati akukwera kapena akutsika. Okwera minibasi ali ndi ufulu wotsika dalaivala akafuna kuyesa mwayi, ndipo anyamata oolotsa anthu pamapewa kuti apeze ya sopo sasintha mphamvu ya madzi. Galimoto ikazima pakati pa madzi amene akukwera, masulani malamba, tsegulani zenera nthawi yomweyo, tulutsani ana poyamba, mukwere padenga. Chitseko sichitseguka madzi akachitsamira.

Kusamuka kumafuna kukonzeratu. Banja lililonse lidziwe malo okwera amene lidzathawireko, kaya ndi sukulu, tchalitchi kapena kwa abale kumtunda, ndi njira yosadutsa khwawa yofikira kumeneko. Yendani njirayo masana ndi ana. Mugwirizane amene adzanyamule agogo, amene adzatsogolere wolumala kapena mayi woyembekezera, ndi amene adzamasule ziweto. Mbuzi kapena ng'ombe yomangidwa pachikhomo imamira pomwepo, yomasulidwa nthawi zambiri imadzipulumutsa. Mu jumbo yapulasitiki yomanga bwino, kapena mu ndowa yachivindikiro, sungani chiphaso cha unzika, mabuku akuchipatala, mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV ndi a BP, ziphaso za sukulu, tochi, machesi, foni ndi mbewu pang'ono. Ndowayo ipachikidwe pafupi ndi khomo. Matumba a chimanga ndi mapira akhale pathandala lokwera.

M'mitsinje ina munazikidwa mizati yoyezera madzi yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi amaimbirana foni ndi anzawo akumtunda. Sungani nambala ya mmodzi wa iwo. Nyamukani madzi ali pa chikasu ngati m'nyumba muli okalamba kapena ana aang'ono, chifukwa pa chofiira njira imakhala itatsekeka. Mluzu, ng'oma kapena chimkuzamawu zikalira usiku, imeneyo si nthawi yotuluka kukaona kaye mtsinje. Ambiri amakakamira poopa akuba kapena kutaya malo, ndipo manthawo ndi omveka. Yankho lake ndi kusamutsiratu katundu wofunika kumtunda dzinja likamayamba, kuti usiku wa madziwo musakhale chokukanikizani.

Kumunda

Mvula yomweyi ndi imene mbewu zikudikira, vuto ndi loti imathawa. Pa ekala imodzi, mvula ya mamilimita 50 ndi malita pafupifupi 200,000. Nthaka yopanda chophimba imamenyedwa ndi madontho nkupanga kachikhungu pamwamba, madzi nkumangoyenderera. Makande a ku Ngabu ali ndi khalidwe lawo: ming'alu yake imameza mvula yoyamba, kenako dothi limafufuma nkutseka, ndipo yachiwiri imaima pamwamba. Choncho njira imodzi siikwanira minda yonse. Pamalo otsetsereka ndi pa dothi lamchenga, limani mizere yopingasa motsata akalozera, ikani ngonyeka (timizere totseka madzi pakati pa mizere), bzalani udzu wa vetiva, phimbirani ndi mapesi m'malo mowatentha. Pa makande osalala, ngonyeka zomwezo zimamiza mbewu sabata ya mvula yambiri, ndiye muzikhala okonzeka kuzitsegula ndi kupatsa madzi njira.

Musathamangire kubzala ndi mvula yoyamba ya mabingu. Imachita phokoso koma kawirikawiri imanyowetsa pamwamba pokha, kenako dzuwa limabwerera nkupsereza zomera. Ikani chitini cha mbali zowongoka pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, muyeze madzi ake ndi rula. Mukapeza mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu, kumbani ndi khasu muone ngati chinyezi chalowa kuya kwa chikhatho chonse. Feteleza musathire mtambo wakuda uli pamutu, amapita ndi madzi.

Madzi akaphwa

Musalowe m'nyumba ya zidina imene yaima m'madzi musanaione bwino. Yang'anani ming'alu yatsopano, khoma lopendekeka ndi tsinde lofewa. Makoma ambiri amagwa patapita tsiku kapena awiri. Gwedezani zofunda, nkhuni ndi matumba ndi ndodo, chifukwa njoka ndi zinkhanira nazo zinathawira pouma pomwepo. Ng'ona zimatsata madzi osefukira mpaka m'maenje ndi m'minda momwe simunazionepo, choncho ana asasambe m'zithaphwi. Waya wamagetsi wogwa pansi muziutenga kuti uli ndi moto, musauyandikire, dziwitsani a ESCOM.

Zimbudzi zikagumuka, zonse za m'menemo zimalowa m'zitsime ndi m'mijigo imene inamira, ndipo kolera amayambira pamenepo. Madzi akumwa asefedwe pansalu yoyera, awiritsidwe mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena athiridwe klorini motsata muyezo wa alangizi a zaumoyo kapena wolembedwa pabotolo, nkudikira mphindi 30 musanamwe. Wotsegula m'mimba ayambe pomwepo kumwa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, uku akupita naye kuchipatala. Kumbani chimbudzi chongoyembekezera pamalo okwera tsiku loyamba lomwelo, kutali ndi chitsime. Pakatha masabata angapo malungo amachuluka chifukwa cha zithaphwi, ndiye masikito apachikidwe ngakhale pamsasa.

Chimanga kapena mapira amene anamira m'madzi osefukira asadyedwe. Amene anangonyowa ndi mvula yodontha padenga ayanikidwe msanga pamkeka, mopyapyala, ndi kutembenuzidwa pafupipafupi. Amene achita chuku atayidwe, osapatsa nkhuku kapena kuphikira mowa, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto.

Matope asanafufutike pamakoma ndi pamitengo, lembani ndi utoto kapena khomani msomali pomwe madzi analekezera, ndi chaka chake. Mmisiri amene adzamange nyumba kapena chimbudzi chotsatira adzayezere maziko kuchokera pamzere umenewo.